Ndidzale chani choti nkhumba zanga zizidya m'malo mwa fidi wogula?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Ntchisi. Ali ndi nkhumba zazikazi ziwiri zamtundu wachizungu, fidi wa m'sitolo akuti wakwera moti sakumukwanitsanso, komanso pali munthu wa ku Lilongwe amene wawauza kuti azigula nyama pamtengo wabwinoko ngati nkhumbazo zikuwetedwa mwa organic, kutanthauza ulimi wosadalira feteleza ndi mankhwala a kufakitale. Ali ndi maekala atatu omwe angapatule. Akufunsa kuti pakati pa soya, nandolo, khobwe ndi kalongonda adzale chani, ndipo maekala atatuwo akwana kapena ayi.

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambe ndi yankho lenilenilo kuti musachite kulifufuza mkati: dzalani soya, akhale ndiye mwini munda, nandolo ndi khobwe zibwere ngati zothandizira, kalongonda musiyeni agwire ntchito yokonza nthaka basi. Koma maekala atatuwo sakwana kudyetsa ana onse amene nkhumba ziwirizo zingabereke pachaka, nde tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa anthu ambiri amagwa pamenepa, amayamba ndi mtima wonse kenako pofika Okutobala matumba atha, nkhumba zabwerera pa madeya ndi madzi.

Chifukwa chake nkhumba siyikula ndi madeya okha nchakuti chimanga chili ndi mapuloteni ochepa, makilo 8 kapena 9 pa makilo 100 aliwonse, madeya kapena kuti gaga amafikako pa 10 kapena 11. Pamene kamwana kankhumba kongoletsedwa kuyamwa kamafuna chakudya cha mapuloteni 18 mpaka 20 pa 100, nkhumba yomwe ikukula 16, yomwe yatsala pang'ono kugulitsidwa 14, yoyamwitsa 16 mpaka 18. Mwaona mpatawo. Ndipo si kuchuluka kokha, mkati mwa mapuloteni muli tizigawo tingapo ndipo kamodzi kotchedwa lysine ndi kamene nkhumba imamangira mnofu, m'chimanga kalimo kochepa kwambiri pomwe mbewu za mtundu wa nyemba zili nako kambiri. Nchifukwa chake nkhumba ya madeya okha imatha chaka chathunthu, mutu waukulu, mimba yotupa, msana wowonekera mafupa, ikufuula tsiku lonse koma pasikelo palibe chikuchitika.

Soya amaposa anzake onse chifukwa ali ndi mapuloteni 36 mpaka 40 pa 100, kuwonjezera apo mafuta pafupifupi 18 mpaka 20. Khobwe ali cha m'ma 23 mpaka 25, nandolo 20 mpaka 22, nzama zimatsikirapo pang'ono. Kunena kwina, pamene mukanathira kilo imodzi ya soya mufunika pafupifupi makilo awiri a nandolo, ndipo mimba ya kamwana kankhumba ilibe malo okwana zonsezo. Komanso kwanu ku Ntchisi, monga ku Dowa, Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe, soya ndi mbewu yoti anthu anaizolowera kale, mbewu yake imapezeka, alangizi amaidziwa, ndipo mukakolola wambiri msika ulipo.

Tsopano masamu aja. Nkhumba imodzi kuchoka poletsedwa kuyamwa mpaka kufika makilo 85 kapena 90 imadya chakudya chouma cha pakati pa makilo 250 ndi 300, tingoti 270. Pa chakudya chimenecho gawo limodzi mwa magawo anayi likhala soya ndi anzake, ndiye kuti makilo 70 pa nkhumba. Make yekha amadya makilo 1,000 kapena kupitirirapo pachaka, awiri anuwo atenga makilo 400 mpaka 500 a soya ndi nandolo. Nkhumba imatenga bere masiku 114, ikasamalidwa bwino imabereka kawiri pachaka, mukapulumutsa ana 8 ulendo uliwonse ndiye kuti ana 32 pachaka kwa ziwirizo. 32 kuchulukitsa ndi 70 ndi makilo 2,240, kuphatikiza a makolo aja mwadutsa 2,600, matumba oposa 50 a makilo 50. Alimi ambiri kwathu kuno amakolola soya matumba 7 kapena 8 pa ekala, wolima mosamala amafika 12 mpaka 16. Nde olo chaka chikhale chabwino, maekala atatu akupatsani zokwana makolo awiri ndi ana pafupifupi 18 oti muwanenepetse. Chaka choyamba ine ndingakonde muwerengere 12 okha, enawo gulitsani akangosiya kuyamwa, ndalama yake mugulire madeya, poti musaiwale kuti mbali yaikulu ya chakudyacho ndi chimanga ndi madeya, ndipo pa nkhumba 18 ndi makolo awo pafunika makilo oyandikira 5,000. Nkhumba 12 zokhuta zikupatsani ndalama zambiri kuposa 30 zanjala, izi ndikunena ndi mtima wonse.

Mundawo ndingaugawe chonchi: maekala awiri soya, theka la ekala khobwe, theka linalo mpendadzuwa ndi kachigawo ka mbatata, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku. Soya dzalani mizere iwiri pamzere umodzi, mizere yotalikirana masentimita 75, mbewu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 5, osakwirira kwambiri. Pamafunika mbewu makilo 30 mpaka 32 pa ekala, anthu amadzala theka la pamenepo kenako nkumati nthaka yakana. Mitundu ngati Tikolore, Makwacha ndi Nasoko ndi yodziwika, Tikolore amacha msanga ndipo amapanga timaululu ta kumizu olo popanda inokulanti, komabe inokulanti thirani ndithu, ndi tizilombo tamoyo tothandiza mbewu kutenga chakudya mumpweya, si feteleza ndipo ulimi wa organic umalola. Sakanizani ndi mbewu pamthunzi mudzale tsiku lomwelo, dzuwa limapha tizilomboto. Mbewu ya soya yogonera chaka imamera mwa apo ndi apo, yesani kaye njere 100 pa kabedi muone zingati zamera musanadzale munda wonse. Dzalani mvula ikangokhazikika, Disembala asanathe, palirani msanga kawiri, ndipo masamba akayoyoka makoko nkuuma musachedwe kuzula chifukwa amathetheka njere nkumwazikira pansi. Poti feteleza simuthira, manyowa a nkhumba zomwezo owola bwino ndi amene apite kumunda, ndipo chaka chamawa pomwe panali soya pabwere chimanga, mudzaona kusiyana kwake ngakhale kaufiti amachepako.

Nandolo mutha kumulowetsa m'munda wa soya womwewo kapena wa mtedza, chifukwa amayamba kukula pang'onopang'ono, soya amakhala wacha iye asanatambasule nthambi. Njira iyi alimi a ku Ekwendeni anaiyesa kwa zaka zambiri ndipo boma linaivomereza mu 2016. Kuchigawo chapakati sankhani wocha msangako ngati Mwaiwathualimi. Vuto lake mukulidziwa kale, anthu akangokolola chimanga mbuzi amazitayirira pomwe nandolo akadali m'munda mpaka Julayi, nde ngati munda uli kutali ndi nyumba ndipo mulibe mpanda, musataye mphamvu, onjezerani khobwe. Anzathu a ku Mulanje, Phalombe, Zomba ndi Machinga amene akuwerenga, kwa inu nandolo ndiye poyambira, ndipo mukukumbukira 2017 dziko la India litachepetsa kugula mtengo unagwa anthu nkumasowa kopita naye. Chaka ngati chimenecho nandolo amapindula kwambiri akadutsa m'mimba mwa nkhumba. Koma chaka choti mtengo uli bwino gulitsani nandoloyo mugule soya, palibe lamulo loti chomwe mwalima nchomwe nkhumba idye.

Apa ndiye pofunika kwambiri mayi, ndipo ngati muiwale zina zonse ichi chokha musaiwale: soya wamuwisi musapatse nkhumba. Muli zinthu zomwe zimatsekereza m'mimba kugaya mapuloteni, nkhumba imadya koma thupi silitengapo kanthu, ana amatsegula m'mimba nkupinimbira, mwini wake nkumati soya ndi woipa. Moto ndi umene umathetsa zimenezi. Njira ilipo iwiri. Yoyamba kuviika usiku wonse, m'mawa kutaya madziwo nkuwiritsa mphindi 30 kuwerengera pomwe madzi ayamba kubwadamuka, kenako kuyanika pamphasa kapena pa lona mpaka aume gwa. Yachiwiri kukazinga, ndipo pa matumba ambiri chonchi iyi ndi yomwe imatheka. Dulani dramu pakati m'litali likhale chiwaya, moto wapakatikati, thirani ndowa imodzi basi pa ulendo, takasani osaleka kwa mphindi 15 mpaka 20. Muona khungu la njere likung'aluka, mtundu ukusanduka wofiirira pang'ono, kafungo kauwisi kaja kachoka kwabwera fungo lokoma la zokazinga. Tengani njere zingapo muziswe, mkati mukhale mofiirira mpaka pakati osati kunja kokha, ndipo mulawe, ikamamatirira m'mano nkumawawira kukhosi sinapse. Koma osapsereza, soya wakuda bii lysine uja wapita, mwangotsala ndi makala. Ana akamakuthandizani kukazinga muzikhala pomwepo chifukwa iwo amakoleza moto wambiri kuti athe msanga, kunja kupsa mkati muli muwisi.

Nkhuni zimalowa zambiri, izi muziwerengeretu, mitengo ya nandolo ndi zitsononkho zimathandiza. Khobwe ndi nandolo ululu wake ndi wocheperako koma nazonso muziphike kapena kukazinga. Nyemba zathu zodyera nsima zosaphika ndiye ndi zoopsa kuposa, zofumbwa zomwe mwasankha mukaphika ndithu mpaka zifewe. Mukakazinga soya sungani wosagaya, muzipita kuchigayo ndi wokwana masabata awiri basi chifukwa ufa wake uli ndi mafuta umayamba kununkha msanga nkhumba nkumaukana. Khobwe ndi nandolo anankafumbwe amazikonda, poti mankhwala simuthira gwiritsani matumba a PICS osalowa mpweya aja, mbewu ikhale youma bwino musanamange.

Kalongonda ndimamukonda kwambiri ngati mbewu yobwezera chonde ndi kuphimba udzu, koma njere zake zili ndi poizoni wotchedwa L-dopa, chomwe chija chimapangitsa kuti anthu aziphika tsiku lonse akutaya madzi kangapo asanadye. Nkhumba imamva msanga kuposa ng'ombe ndi mbuzi, imasiya kudya, ina imasanza nkumadzandira. Kuti mumukonze mpaka akhale bwino pafunika nkhuni ndi madzi zochuluka zedi, pa matumba ambiri sizingatheke. Mtedza nawo ndinenepo, chifukwa chizolowezi nchoti wabwino tigulitse, wonyala, wowola ndi wakuda uja tiponyere nkhumba. Umenewo ndi umene uli ndi chuku, poizoni wake amaononga chiwindi, amadutsa mpaka mumkaka kupita kwa ana, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Chimodzimodzi madeya onyowa omwe agwirana mabuluma ndi chimanga chowola chosankhidwa pokolola. Nkhumba si dzala.

Kasakanizidwe kake pa makilo 100, ndipo gulani kasikelo kolendewera, zoyezera pa ndowa zimanamiza chifukwa ndowa ya madeya ndi ya soya sizilemera mofanana. Kwa nkhumba zomwe zikukula, kuyambira makilo 25 mpaka 60: madeya 45, chimanga chogaya 25, soya wokazinga 18, khobwe kapena nandolo 10, laimu wa ziweto 1, mchere theka la kilo, ufa wa mafupa owotcha theka la kilo. Izi zimafika pafupifupi pa mapuloteni 16 pa 100 paja. Zikadutsa makilo 60 tsitsani soya afike 10, nandolo kapena khobwe akwere afike 15, madeya 50, chimanga 23, laimu, mchere ndi mafupa chimodzimodzi. Kutsitsa soya kumapetoku sikungopulumutsa ndalama, soya wambiri amapangitsa mafuta a nyama kukhala ofewa ngati osungunuka ndipo a butchala sawakonda. Yoyamwitsa ipatseni cha zomwe zikukula chija muwonjezereko soya pang'ono, idye mmene ingathere, madzi asasowe olo ola limodzi. Yabere isanenepe kwambiri, makilo awiri kapena awiri ndi theka patsiku a chakudya chachiwiricho ndi masamba akwana. Laimu ndi mchere musazione ngati zazing'ono, mbewu zonsezi zilibe calcium wokwanira womanga mafupa, ndipo nkhumba yoyamwitsa ikamakanika kudzuka miyendo yakumbuyo nthawi zambiri nkhani imakhala imeneyi. Laimu wake akhale wa ziweto, osati wopaka nyumba. Wogula wanuyo mumufunse ngati akulola mafupa, akakana pali mchere wa phosphate wa ziweto umene amagulitsa m'masitolo a zaulimi.

Povuta penipeni ndi pa ana. Mbewu za mtundu wa nyemba zili ndi lysine wambiri inde koma zimaperewera kagawo kena kotchedwa methionine. Opanga fidi amangothira ka ufa kopangidwa kufakitale nkhani yatha, koma malamulo a organic salola zimenezo, salolanso keke ya soya yomwe mafuta ake anachotsa ndi mankhwala, imaloledwa yofinya ndi makina basi. Ngakhale ku Ulaya komwe alimi a organic amalima nsawawa ndi mbewu zina za mtundu wa nyemba zotchedwa faba ndi lupin zodyetsa nkhumba poti kumpoto kozizira soya sachita bwino, vutoli sanalithetse, moti lamulo lawo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022 linasiya mpata woti ana a nkhumba osapitirira makilo 35 azipatsidwako mapuloteni osakhala a organic mpaka 5 pa 100 kwa zaka zingapo. Nde musadzione olephera ngati ana akufuna kanthu kena kapadera. Kwathu kuno chotithandiza ndi nyenyeswa za usipa kapena matemba zomwe zimatsalira pansi pa matumba kumsika, zouma bwino zopanda mchenga ndi mchere wambiri. Cha ana chikhale chimanga chogaya 45, madeya osefa 18, soya wokazinga bwino 28, ufa wa usipa 7, zotsalazo laimu, mchere ndi mafupa. Nandolo ndi khobwe kwa ana aang'ono dikirani kaye. Yambani kuwaikira kambale kawo pakona pomwe make sangafike ali ndi masabata awiri kapena atatu, ndipo musafulumire kuwaletsa kuyamwa, afike masabata 8, mkaka wa make ndiye ukutseka mpata umene fidi wogula akanatseka. Muziwaikiranso dothi lofiira la katondo loyera, lokumba kutali ndi komwe nkhumba zimayenda, amanyambita nkupezamo ayironi. Usipa kwa nkhumba zazikulu ayi, ndipo mwezi womaliza isanaphedwe isalawe nkomwe, nyama imamveka nsomba.

Mpendadzuwa uja ndinati mudzale ndi wa chifukwa chomwechi, keke yake yotsala mukayenga mafuta ili ndi methionine wochulukirapo, makilo 5 mpaka 8 pa 100 kwa zazikulu m'malo mwa madeya ena zimathandiza, mafutawo mudya pakhomo kapena kugulitsa. Ili ndi makoko ambiri nde kwa ana ayi. Kholowa, chitambe ndi masamba a nkhungudzu apatseni tsiku lililonse, muli mavitamini ndipo nkhumba zimakhala zodekha zikamatafuna, makamaka zabere. Kungoti nkhumba sibzikula, mimba yake ndi imodzi ngati yathu, masamba sangalowe m'malo mwa njere. Lukina pang'ono pokha kapena osapatsa kumene, wambiri amathothola ubweya ndi kubwezera kukula m'mbuyo. Ndipo chakudya chatsopano chilichonse lowetsani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, kusintha lero ndi lero zimatsegula m'mimba.

Za wogula wa ku Lilongweyo, khalani naye pansi mumve bwinobwino kuti organic akutanthauza chani, ndipo mtengo ndi kuchuluka kwa nkhumba zomwe azitenga mulemberane. Ngati akungofuna nkhumba zodya zakumunda zosabayidwa mankhwala mwachisawawa, zomwe ndafotokozazi zakwana. Ngati akufuna za satifiketi ndi nkhani ina, malamulo ngati a ku Ulaya amafuna munda ukhale zaka ziwiri osathira feteleza ndi mankhwala, chakudya chonse kuphatikizapo chimanga ndi madeya chichokere m'minda yotero, nde madeya ogula kuchigayo sangalowe, komanso pamafunika kulemba zonse m'kaundula ndi kulipira oyendera. Pa nkhumba ziwiri ndalama imeneyo siyingabwerere pokhapokha muli pagulu. Amafunanso kuti nkhumba zizitulukako panja, koma panja pake pakhale bwalo la mpanda wolimba lolumikizana ndi khola, osazitayirira m'mudzi, chifukwa chigodola chilibe mankhwala ndipo chikalowa chimasesa khola lonse pa masiku ochepa. Makombo okhala ndi nyama ya nkhumba, mavenda olowa m'khola ndi nsapato zawo, mphongo yobwereka kwa aneba kukumveka matenda, zonsezo kanani. Nkhumba ikadwala itanani alangizi a ziweto ilandire mankhwala, organic saletsa kuchiza, koma amafuna kuti mudikire nthawi yotalikirapo musanaigulitse.

Poti mvula isanagwe mudakali ndi nthawi, gulani thumba limodzi la soya panopa, mukazinge, muyese pa nkhumba zitatu kapena zinayi za msinkhu umodzi kwa mwezi. Ziyezeni pasikelo poyamba ndi sabata iliyonse tsiku lomwelo m'mawa zisanadye. Nkhumba yachizungu ya makilo 30 pa chakudya chimenechi iyenera kumaonjezera makilo atatu kapena anayi pa sabata. Ikamaonjezera kilo imodzi kapena awiri, onani kaye njoka za m'mimba, kenako mubwerere pa chiwaya paja muswe njere muone ngati zikupsa mpaka mkati, mundilemberenso manambalawo tiwaonere limodzi.